Yankho kwa azakhali pa za chimvula cha dzulo

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaumva uthenga wanu, mumafunsa ngati ndinafika bwino kunyumba dzulo, komanso chifukwa chake foni yanga simapezeka. Ndangoti ndijambule mawu, kulemba kundichedwetsa. Ndili bwino, musade nkhawa. Foni inathima, magetsi anazima madzulo omwewo mpaka m'mawa uno.

Mvulayo inandipeza ndikuchokera kumsika, cha m'ma 4 koloko. Tsiku lonse kunatentha, kutentha kwathu kwa ku Mangochi kuja, kenako kunangoda bii mbali ya ku Namwera. Inayamba ndi mphepo. Fumbi, majumbo kuuluka, lata lina ndinaliona ndi maso angawa likusasuka n'kugwera pamsewu. Chiyambire namondwe wa Freddy uja mu 2023, mitambo ikangoda chonchi anthu mitima imakhala m'mwamba, ndiye aliyense liwiro. Ine ndinathawira pakhonde la sitolo ina, kufupi ndi chipilala cha wotchi chija cha Queen Victoria, polowera pa mlatho wa Bakili Muluzi. Posakhalitsa ngalande zinasefukira, madzi amatope kuthamangira ku Shire atakokolola zinyalala zonse.

Poyamba ndimangoganiza za ufa wanga kuti usanyowe. Koma azakhali, pambali panga panali mayi wina wogulitsa usipa wouma, mwana ali kumbuyo. Anali ndi kapepala ka pulasitiki kamodzi kokha. Afunditse mwana kapena avindikire dengu? Anafunditsa mwana, iye n'kuweramira pa dengu lija, msana wake ndiye unasanduka denga. Mvula imawomba cham'mbali, pakhondepo sipamathandiza kanthu. Inu mwagulitsapo nsomba, mukudziwa kuti usipa wouma ukanyowa umachita nkhungu, mtengo umagwa, mpamba wapita. Anandiuza kuti anakaoda ku Makawa m'mawa womwewo, ndi ndalama ya ngongole ya banki m'khonde. Mtima unandipweteka kwambiri.

Ndinamulandira mwanayo n'kumufukata m'chitenje changa, anali atazizidwa mpaka timilomo kunjenjemera. Mnyamata wina wa kabaza anavula jekete yake ya mvula n'kuyala pa dengu, tinalikokera kukhoma. Usipa wapamwamba unanyowa ndithu, koma wapansi unapulumuka.

Panalinso agogo ena aamuna ochokera kuchipatala, kabuku kawo ndi mankhwala atazibisa mkati mwa malaya. Samayankhula, amangonjenjemera. Mayi uja ndi amene anawafunsa m'Chiyao, ndiye tinadziwa kuti akupita kutsidya ndipo ndalama yotsala inali yosakwana. Tangoganizani, munthu katundu wake akuwonongeka, koma ndi amene anayamba kuwaona agogowo, ife tonse tili chilili. Mvula itakata, mnyamata wa kabaza uja anangoti, "Agogo kwerani, za ndalama zisiyeni," n'kuwawolotsa pa mlatho.

Kunyumba kwathu malata ali bwinobwino, kungoti mpanda wa kuseri wagwa, achimwene akonza Loweruka.

Tsono azakhali, ndili ndi pempho. Lona labuluu lija linatsala pa chinkhoswe lingokhala m'chipinda chosungira katundu. Mukandilola, ndikufuna ndikawapatse mayi aja mawa, anandilozera pomwe amakhala mumsika. Mvula yangoyamba kumene, mpaka Malichi ndi kutali. Mundiyankhe pompano pagulupa, ndikhale ndikulipinda.