Nkhuku 30 kuseri kwa nyumba ya lendi? Mawu apakamwa a alandilodi sadzakupulumutsani

Amayi amene mwafunsa zoweta nkhuku 30 zoikira mazira kuseri kwa nyumba ya lendi, anapiyewo musagule kaye. Zoti alandilodi anena kuti "palibe vuto, wetani" ndi mawu apakamwa chabe, ndipo tsiku lobwera a zaumoyo a ku khonsolo foni ya alandilodi omwewo imakhala yozima. Nkhuku 30 zoikira mazira ku Area 49 ku Lilongwe, pamalo oti mpanda mukugawana ndi aneba, si zoyamba chifukwa choti munthu wagwedeza mutu.

Ena pokuyankhani akulemba kuti kulibe lamulo, aliyense akuweta. Kuweta akuwetadi, koma lamulo lilipo, ndipo silili pamalo amodzi. Khonsolo iliyonse, kaya ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba, ili ndi mphamvu yopanga malamulo akeake pansi pa Local Government Act ya 1998, choncho zimene akuuzani achibale a ku Chilomoni musazitenge ngati zigwiranso ntchito kwanu. Palinso Physical Planning Act ya 2016: puloti yolembedwa kuti ndi yokhalapo anthu siisanduka malo a bizinesi popanda chilolezo, ndipo khola la njerwa lomwe mazira ake akutuluka pa geti m'mathileyi m'mawa uliwonse ndi lovuta kulitchula kuti "zapakhomo". Mapepala a puloti ndi kalata yanu ya lendi nazonso zimanena zawo.

Koma chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi Public Health Act. Lamulo limeneli silifunsa kuti nkhuku zanu ndi zingati. Limati chiweto chosungidwa mwa njira yonyansa kapena yoika moyo wa anthu pachiswe ndi nuisance, ndipo khonsolo ikhoza kukupatsani kalata yoti mukonze kapena muchotse pofika tsiku lakutilakuti. Mukanyozera, nkhani imapita kwa majisitireti. Ndiye amene amaitana lamuloli si wina ayi, ndi mphuno ya aneba.

Chowawa chake ndi nthawi imene kalatayo imafikira. Siibwera anapiye ali aang'ono ayi, chifukwa mwanapiye sanunkha. Imabwera nkhuku zitakwana masabata 19 kapena 20, zitangoyamba kumene kuikira timazira ting'onoting'ono toyamba tija, makamaka ikakhala nthawi ya mvula utuchi utanyowa. Pofika pamenepo nkhuku iliyonse yadya fidi wokwana makilo pafupifupi 7. Nkhuku 30 ndiye kuti matumba a 50 kg opitirira anayi, osawerengera katemera, makala owothetsa anapiye, malata, waya ndi mmisiri. Simunagulitse ndi thileyi imodzi yomwe. Mukuima pa geti kalata ili m'manja, kuseriko nkhuku zikutetera ngati palibe chachitika, ndipo amene anakaneneza uja akusesa pakhomo pake mutu uli pansi. Ndi yemwe uja dzana anabwera kudzafunsa kuti mazira muyamba liti kugulitsa. Mukaimbira alandilodi akuti "ine ndimaona ngati ndi ziwiri zitatu". Mukati muzisamutsire kwa achibale ku Lumbadzi, nkhuku zoikira sizifuna kusunthidwa, zikakwera galimoto zimatha kusiya kuikira sabata imodzi kapena awiri, zina zimafera m'njira chifukwa chopanikizana padzuwa. Mavenda nawo amanunkhiza munthu wothedwa nzeru, amakutchulirani mtengo wa nkhuku yotha ntchito pa msoti woti uli ndi chaka chonse choikira patsogolo. Ndipo anthu otere amandinyansa, aneba oti sangagogode n'kunena kuti "achemwali, ntchentche zachuluka", koma kuthamangira kukadandaula mwakachetechete kenako n'kumapereka moni wa mano okhaokha.

Komabe tinene zoona, nthawi zambiri fungolo limakhalapodi. Nkhuku imodzi yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndipo zitosi zake zimakhala zolemera chimodzimodzi. Nkhuku 30 ndi makilo oposa 20 a zitosi pa sabata. Mudzazitaya kuti? Mukaziunjika pakona pa mpanda, kukatentha ntchentche imachoka pa dzira kufika pouluka m'masiku 7 mpaka 10 okha. Mwini khola mphuno imazolowera, koma amene zenera la kukhitchini kwake lapenya khola lanu sazolowera.

Zitosi zouma sizivuta kwenikweni, zimanunkha ndi zonyowa. Pansi pakhale pa simenti, pokwererapo kuti madzi a mvula asalowe, muthirepo utuchi kapena mankhusu a mpunga okhuthala masentimita 10 mpaka 15, muzitembenuza ndi fosholo masiku awiri kapena atatu aliwonse. Kuti mudziwe ngati zikuyenda, tapani utuchiwo m'dzanja mufinye. Ukagwirana ngati mtanda wa nsima, wanyowa kwambiri, chotsani mbali imeneyo. Gwero lake kawirikawiri ndi chomwera madzi choikidwa pansi, nkhuku n'kumachipalasa. Chipachikeni chilingane ndi msana wa nkhuku. Denga litulukire kunja pafupifupi masentimita 60, ndipo makoma akhale aafupi, kumtunda kukhale waya kuti mphepo izidutsa. Pa sikweya mita imodzi musapitirize nkhuku 4, ndiye kuti nkhuku 30 zikufuna khola la mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi. Kayezeni kuseri kwanuko muone ngati patsala poyanika zovala. Khoma la mpanda wa aneba lisakhale khoma la khola lanu, madzi otsukira asapite mu ngalande ya onse, ndipo fidi asungidwe mu mgolo wotseka, chifukwa makoswe akapeza chakudya kwanu amakagona kudenga kwa aneba.

Tambala musayerekeze. Nkhuku zimaikira popanda tambala, iye ntchito yake ndi ya mazira oti aswe basi. Kulira kwake kwa m'ma 4 koloko m'bandakucha kwadanitsa anthu ambiri kuposa ndowe.

Za chitopa: ngati aneba ali ndi nkhuku zachikuda zoyendayenda, musadzaphonye katemera. Katemera wa chitopa wotchedwa I-2 ndi dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, ndipo anapiye a mazira amafunanso wa matenda a gumboro, funsani ndondomeko kumene mukuwagula. Nkhuku yakufa ikwiriridwe mozama kapena itenthedwe, osaponya m'bini.

Ndiye chochita: alandilodi alembe, atchule nambala ya nkhuku ndi malo a khola, asayine. Akayamba kuzembazemba mwadziwa kale yankho. Kenako pitani ku ofesi ya zaumoyo ndi ya mapulani ku khonsolo ndi nambala ya puloti, mufunse zimene zikuloledwa m'dera lanu, ndipo yankho mulipemphe lolembedwa, chifukwa amene wakuyankhani lero si amene adzabwere kudzayendera.

Ngakhale kunena mosabisa, zikanakhala nkhuku zisanu kapena zisanu ndi imodzi, sindikanakuuzani zopita ku maofesi kukadzutsa galu wogona. Yambani ndi zochepa choncho, khola la matabwa loti mutha kulinyamula, thumba limodzi la fidi likukwanirani miyezi iwiri ndi masiku. Mazira oyamba asalowe mu poto wanu. Ikani anayi m'mbale mutumize mwana kwa aneba a kumanja, anayi kwa a kumanzere, makamaka kwa uja mukumukayikirayo.