Bolesław wa pa 20 złoty: analamulira zaka 33, chisoti chaufumu anachivala miyezi iwiri

Achimwene, mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti Bolesław Chrobry wa pa pepala la 20 złoty, ndalama ya ku Poland, azitchedwa mfumu yoyamba ya Poland, chonsecho bambo ake, Mieszko I, ali pa 10 złoty ndipo ndiwo anayamba kulamulira. Amene anakuuzaniwo sananame ayi. Mieszko analamuliradi, anabatizidwa m'chaka cha 966 n'kulowetsa dziko lake m'Chikhristu, koma anamwalira ali kalonga chabe, ngakhale mphamvu anali nazo zonse. Ku Ulaya nthawi imeneyo munthu sankangodzuka n'kudzitcha mfumu. Pankafunika kuti akuluakulu a mpingo amudzoze n'kumuveka chisoti, ndipo nthawi zambiri Papa ndi mfumu yaikulu ya ku Germany ankayenera kuvomereza. Tingoyerekeza ndi kwathu kuno: mfumu itha kukhala ndi anthu ambirimbiri, koma kukwezedwa udindo kumadikira kalata yochokera kumtunda.

Bolesław anabadwa cha m'ma 967. Mayi ake, Dobrawa, anali a ku Bohemia, dera limene lero lili m'dziko la Czech. Atamwalira mayiwo, Mieszko anakwatira Oda, mkazi wa ku Germany, n'kubereka naye ana ena aamuna. Apatu mwaona kale pamene mkangano unachokera. Mieszko atamwalira mu 992, Bolesław sanachedwe: anathamangitsa mayi ake omupezawo pamodzi ndi ana awo, ndipo akuluakulu awiri amene ankawaikira kumbuyo anawakolowola maso. Dzina loti Chrobry limatanthauza wolimba mtima, koma chifundo munalibe mwa munthuyu.

Chimene chinamukweza kwambiri ndi maliro a munthu wina. Adalbert, amene anthu a ku Poland amamutcha Wojciech, anali bishopu wa ku Prague. Bolesław anamutumiza kukalalikira kwa anthu a mtundu wa Prussia, m'mbali mwa nyanja ya Baltic, ndipo kumeneko anamupha mu April 997. Bolesław anaombola mtembowo n'kukauika mumzinda wa Gniezno ku Poland. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti analipira golide wolemera mofanana ndi mtembo womwewo, ndipo pa zitseko zamkuwa za tchalitchi chachikulu cha ku Gniezno pali chithunzi cha anthu akuyeza dipolo pa sikelo. Pofika 999 Adalbert anali atalengezedwa kukhala woyera. Mwadzidzidzi, dziko limene linali litangobatizidwa dzana linali ndi manda a woyera wakewake.

Ndiye m'chaka cha 1000 mfumu yaikulu ya ku Germany, Otto III, mnyamata wazaka pafupifupi 20 amene Adalbert anali bwenzi lake, anabwera kudzapemphera pamandapo, ndipo analowa mu Gniezno wopanda nsapato. Pa ulendowu Gniezno inakhala ndi arkibishopu wakewake, m'bale wake wa Adalbert dzina lake Radim Gaudentius, ndipo pansi pake panaikidwa mabishopu a ku Kraków, Wrocław ndi Kołobrzeg. Musaione ngati nkhani ya mpingo chabe imeneyi. Dziko lokhala ndi arkibishopu wake lili ndi munthu woti n'kudzoza mfumu, silifunikanso kukapempha kwa mabishopu a ku Germany. Otto anapatsanso Bolesław mkondo wopangidwa motsanzira mkondo wopatulika wa mafumu a ku Germany, ndipo mpaka lero umasungidwa ku tchalitchi cha Wawel ku Kraków. Wolemba mbiri wina, amene analemba patatha zaka zoposa 100, amati Otto anavula chisoti chake n'kumuveka Bolesław pamutu. Ena amagwira pamenepa n'kumati ufumu unayambira pomwepo. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa kudzoza sikunachitike, ndipo Bolesław mwini wake anadikiranso zaka 25.

Chinasokoneza zonse ndi imfa ya Otto mu January 1002, ali ndi zaka 21 zokha. Amene analowa m'malo mwake, Henry II, sankafuna mnzake wofanana naye kum'mawa, ankafuna wantchito wopereka msonkho. Bolesław nayenso anapezerapo mwayi pa chisokonezocho n'kulanda madera a Lusatia ndi ozungulira Meissen, kum'mawa kwa Germany ya lero. Mu 1003 anakolowola maso wolamulira wa ku Prague (mwaona kuti chinali chizolowezi chake) n'kulowa mumzindamo, koma chaka chotsatira Bolesław anathamangitsidwako. Nkhondo ya Bolesław ndi Henry inkazima n'kuyambiranso kwa zaka 16. Chimene chimandiseketsa n'choti Henry, amene pambuyo pake mpingo unamulengeza kukhala woyera, anapangana ndi anthu a mtundu wa Lutici, opembedza mafano, kuti amuthandize kumenya Mkhristu mnzake. Anachita zonsezo koma sanamugonjetse. Pa mgwirizano wa ku Bautzen mu January 1018, Bolesław anatsala ndi Lusatia ndi dera la anthu a Milceni.

Zambiri za nthawi imeneyi timazidziwa kudzera mwa Thietmar, bishopu wa ku Merseburg, amene ankadana ndi Bolesław koopsa. Iyeyu anadandaula kuti Otto anasandutsa wopereka msonkho kukhala bwana. Ndi iyenso amene analemba kuti ku Poland munthu akapezeka akudya nyama pa nyengo yosala kudya, ankamugulula mano. Powerenga zimenezi muzikumbukira kuti akulankhulayo ndi mdani, ngakhale kuti pa nkhani ya manoyi bishopuyo ankaona ngati chilangocho n'choyenera ndithu.

M'chaka chomwecho cha 1018 Bolesław anatembenukira kum'mawa. Mkamwini wake Sviatopolk anali atathamangitsidwa ku Kyiv ndi m'bale wake Yaroslav, ndiye apongozi ananyamuka ndi asilikali kukamubwezeretsa pampando. Magulu awiriwa anakumana pa mtsinje wa Bug, awa tsidya lino awo tsidya lina. Mbiri yakale ya ku Kyiv imati Bolesław anali wonenepa kwambiri moti ankavutika kukhala pahatchi, ndipo mkulu wina wa asilikali a Yaroslav anayamba kumukuwiza kuti amuboola chimimba chakecho. Mkuluyo anaputa mavu. Bolesław anakwera hatchi n'kulowa m'madzi, asilikali ake n'kumutsatira, ndipo a Yaroslav, amene anali asanakonzeke, anabalalika. Mu August analowa mu Kyiv, anatengako chuma chambiri ndi akapolo, anatenganso mlongo wake wa Yaroslav mokakamiza, ndipo pobwerera analanda matauni a Cherven, a m'malire mwa Poland ndi dziko la Kyiv. Mukamva nkhani yoti anamenya chipata chagolide cha Kyiv ndi lupanga lotchedwa Szczerbiec mpaka linabenthuka, ingomwetulirani: chipatacho chinamangidwa iye atamwalira kale, ndipo lupangalo ndi la zaka pafupifupi 200 pambuyo pake.

Tsono chisoti chija? Mu 1024 anamwalira onse awiri amene ankatsekereza njira, Papa Benedict VIII ndi Henry II. Bolesław sanadikire kuti olowa m'malo akhazikike. Mu 1025, pa nyengo ya Pasaka malinga ndi olemba mbiri ambiri, anavekedwa chisoti chaufumu, ndipo olemba a ku Germany anakwiya nazo, ankati wadzikweza yekha. Pa 17 June chaka chomwecho anamwalira. Manda ake ali m'tchalitchi chachikulu cha ku Poznań, pamodzi ndi a bambo ake.

Kunena zoona, dziko limene anasiya linali lalikulu koma lozunguliridwa ndi adani amene anadzipangira yekha. Mwana wake Mieszko II anavekedwa chisoti chaka chomwecho, koma pofika 1031 Lusatia ndi matauni a Cherven zinali zitapita, m'bale wake Bezprym atamulanda mpando. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1030 Bretislav wa ku Bohemia analowa mu Gniezno n'kunyamula mafupa a Adalbert kupita nawo ku Prague.

Tembenuzani pepala lanulo muone kumbuyo. Pali chithunzi cha kandalama kasiliva ka nthawi yake, kokhala ndi mbalame pakati, ndipo mawu olembedwa mozungulira akuti PRINCES POLONIE, kutanthauza kalonga wa Poland. Kanasulidwa iye akudikirabe chisoti chija.