Chifukwa chake Hercules amajambulidwa ndi choko chofiira

Mayi ena andilembera imelo. Akuti anaona pa intaneti chithunzi cha Hercules, ngwazi ya m'nthano za Agiriki ndi Aroma, chimene Michelangelo, katswiri wa ku Italy, anajambula ndi choko chofiira, ndiye akufunsa chimene akatswiri akale ankachikondera pojambula milungu. Akufunanso kudziwa ngati pensulo yofiira ya mwana wawo ingagwire ntchito yomweyo.

Mayi, choko chimenechi si cha m'kalasi chija ayi. Ndi mwala wofewa wochita kukumba, dongo losakanikirana ndi hematite, dzimbiri lomwe lija limafiiritsa katondo. Ankaucheka tizidutswa titalititali, n'kusongola ndi mpeni. Leonardo da Vinci anali mmodzi mwa oyamba kuchidalira kwambiri, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400.

Nkhani yagona pa thupi la munthu. Nthano za Agiriki ndi Aroma zinkapatsa wojambula danga loonetsa munthu wosavala, minofu ili gwa, ndipo kufiira kumeneku pa pepala kumapangitsa khungu kuoneka lofunda, lamoyo. Chithunzi mwaonacho chiyenera kukhala cha m'ma 1530, chosungidwa ku Windsor Castle ku England. Hercules alipo katatu: ali ndi mkango wa ku Nemea, ali ndi chimphona Antaeus, kenako ali ndi chinjoka Hydra. Ine maso anga amakakamira pakati. Antaeus ankatenga mphamvu kwa mayi ake, Dziko, akangokhudza pansi, choncho Hercules wamunyamula n'kumufinyira m'malere. Nthano yonseyo mumaiwerenga pa misana iwiri yopindikayo, popanda mtengo kapena phiri kumbuyo.

Koma chokochi n'chovuta. Ngakhale mutsindike bwanji, sichida ngati makala, ndipo chikalowa m'pepala sichifufutika bwino. N'chifukwa chake Raphael, katswiri winanso wa ku Italy, pokonzekera kujambula milungu itatu yaikazi yotchedwa Graces m'nyumba ya Villa Farnesina ku Rome cha m'ma 1517, anayamba wakanda mizere yosaoneka ndi kachitsulo kosongoka, choko n'kubwera pambuyo. Mthunzi umamangidwa ndi timizere totsatira mmene mnofu wakhotera, ndipo pamene pagwa kuwala simulembapo kanthu, pepala limatsala loyera. Mu 1533 Michelangelo anajambulira mnzake Tommaso de' Cavalieri chithunzi cha ana ali pa phwando la vinyo, ndi timadontho ting'onoting'ono moti dzanja lake silioneka pamene linadutsa. Kunena zoona, chimenecho chimandidabwitsa koma sichindigwira mtima ngati cha Raphael, pamene mzere uliwonse ndimauona.

Za pensulo ya mwana, yesererani nayo, koma ili ndi phula, imaterera ndipo siimwazika ndi chala. Mukapeza mpata funsani sanguine ya Conté, choko chofiira chopangidwa kufakitale, kwa ogulitsa zojambulira, mutenge pepala lokhakhala pang'ono, muyambe ndi dzanja lanu lamanzere mutakunga chibakera. Mukamaliza phimbani ndi kapepala kopyapyala, chifukwa fumbi lake limapaka chilichonse chimene chakhudza.