Nditsitse mitengo kapena nditseke? Yankho kwa mayi wa golosale

Mayi wina wandilembera pa email kuti ali ndi kagolosale pa trading centre, ndiye chapafupi patsegulidwa shopu yaikulu yomwe ikugulitsa shuga ndi sopo motchipa, makasitomala ayamba kuthawira komweko. Akufunsa kuti atsitse mitengo kapena angotseka basi.

Mayi, chonde musathamangire kutsitsa. Mnzanuyo amaoda katundu wodzadza lole, inu mumapikula mabelo awiri, mukalimbana naye pa mtengo mpamba wanu ndi umene uyambe kutha. Khalani pansi kaye ndi kope, mulembe zomwe muli nazo inu zoti iyeyo sangazipeze mawa lomwe ngakhale ali ndi ndalama.

Ndikupatseni chitsanzo cha ku Kenya. Kampani ya mafoni ya Safaricom itayambitsa M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni, mu 2007 inali kale ndi anthu ogulitsa ma units m'matauni ndi m'midzi momwe, ndiye inawasandutsa ma agent, munthu akatumiza ndalama kuchokera ku Nairobi amayi ake kumudzi amakatapa pa kashopu koyenda wapansi. Kampani ya Zain inabwera ndi njira yake yotchedwa Zap mu 2009, ena anabweranso, koma anthu sanasunthe kwenikweni chifukwa kutchipa kuli ndi ntchito yanji ngati kwanuko kulibe potapira? Ndipo Safaricom imadziwa bwino pomwe pagona mphamvu zake, imaletsa ma agent ake kugwira ntchito ndi makampani ena mpaka mu 2014 pomwe bungwe loona za mpikisano wa malonda m'dzikomo linalamula kuti zimenezo zithe. Kuno kwathu mukuziona nokha, kaya Airtel Money kaya Mpamba, munthu amapita kwa agent amene float siimuthera.

Ndiye inu ma agent anu ndi ati? Mwina ndi kudziwa anthu, mukudziwa mphunzitsi amene amabweza ngongole pakutha pa mwezi ndi amene sabweza, shopu yaikulu sikongoza aliyense. Mwina ndi nthawi, iwo akatseka madzulo inu mukadali pompo, m'mamawa anthu akufuna masikono ndi tiyi inu mwatsegula kale. Palinso timapaketi, ka shuga ka tsiku limodzi, mafuta oyeza, munthu wa ganyu amagula zimenezo chifukwa ndalama ya kilo yathunthu alibe.

Pitani mukalowe m'shopumo ngati kasitomala, sabata yathunthu, muone zomwe anthu akufunsa n'kutuluka osazipeza. Shuga wa paketi ya kilo asiyireni okha, ndalama yakeyo muike pa zimenezo, mukatero mudzandilemberenso mundiuze zomwe mwapeza.