Kodi ku Ntcheu Amayankhula Chingoni?

Mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ku Balaka walemba kuti: "Pa mapu a ziyankhulo amene ndapachika m'kalasi, pa boma la Ntcheu analembapo Chingoni, ndipo pa Thyolo analembapo Chilomwe. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakula ndikuyankhula Chichewa. Kodi mapuwa ndi olakwika, kapena ndine ndinataya chiyankhulo cha makolo?"

Mayi, funso lanu landikondweretsa chifukwa lakhudza phatikizo limene ndimalikonda kwambiri, phatikizo la chi-. M'Chichewa, chi- amanena za chiyankhulo, komanso amanena za mwambo ndi kachitidwe ka anthu. Tikamati mkazi waphika nsima yachimidzi kapena mnyamata wavala mwachizungu, sitikunena za chiyankhulo ayi. Choncho munthu wa ku Ntcheu akamati "kwathu timachita Chingoni", akunena zoona, pakuti akunena za gule wa ngoma, zishango ndi ulemu wopita kwa Inkosi ya Makosi Gomani. Wojambula mapu anu anamva mawu omwewo, ndipo anaganiza kuti akunena za chimene anthuwo amayankhula pakhomo.

Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 akuyankhula chiyankhulo chapachibale ndi Chizulu, ndipo a Maseko, amene anadzakhazikika ku Ntcheu ndi ku Dedza, anabwera m'gulu lawolawo. Kulikonse kumene anafika anakwatira akazi a komweko, ndipo mwana amaphunzira kuyankhula ali kumsana kwa mayi ake. N'chifukwa chake lero Mngoni wa ku Mzimba amayankhula Chitumbuka, wa ku Ntcheu ndi ku Mchinji amayankhula Chichewa, pamene wa kwa Mpezeni ku Chipata amayankhula Chinsenga. Ndikukumbukira tsiku lina pa msika wa Lizulu, ndikugula mbatata ya kachewere kwa mkulu wina amene ankanyadira kwambiri kuti ndi Mngoni. Nditamupempha kuti andiwerengere ndalama m'Chingoni, anaseka n'kunena kuti mawu amene anamutsalira ndi "Bayethe" ndi a m'nyimbo za ngoma basi. Inu simunataye kanthu, Mayi, pakuti chiyankhulocho chinayamba kuzimirira agogo anu asanabadwe.

Za Thyolo zikufananako. Alomwe ambiri anachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya azungu, ndipo pa kalembera wa 2018 anapezeka kuti ndi pafupifupi 19 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, koma chiwerengerochi ndi cha mtundu. Chilomwe chimamveka ndithu, makamaka kwa akuluakulu a ku Phalombe ndi ku Mulanje, koma ambiri mwa ana awo amakula ndi Chichewa.

Pali madera ena kumene mtundu ndi chiyankhulo zimayendabe pamodzi. Ku Mangochi ndi ku Machinga Chiyao chili moyo pamsika ndi pamzikiti, ku Nsanje mumamva Chisena, ku Nkhata Bay Chitonga, ku Karonga Kyangonde, ndipo ku Rumphi Chitumbuka. Boma la Chitipa ndiye silingalembedwe ndi dzina limodzi, chifukwa Chilambya, Chindali, Chisukwa ndi Chinyiha zimakhala moyandikana, ndipo anthu ambiri kumeneko amadziwanso Chitumbuka. Pamwamba pa zonsezi panayalidwa Chichewa kuyambira mu 1968, pamene boma la Kamuzu Banda linachisankha kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, n'kusiya dzina lakale la Chinyanja limene a ku Zambia ndi ku Mozambique akuligwiritsabe ntchito.

Chimene chimandiwawa ine ndi chizolowezi chatsopano chodula chi- n'kumalemba pa Facebook kuti "ndimayankhula Tumbuka" kapena "sindimva Yao". Uku n'kutengera Chingerezi, ndipo kukuwonjezera chisokonezo chomwechi, chifukwa Mtumbuka ndi munthu, Atumbuka ndi anthu, ndipo chimene amayankhula ndi Chitumbuka.

Mapu anuwo musawang'ambe. Fufutani mutu wake, mulembepo kuti "Mitundu ya Anthu", ndipo musinthe mayinawo akhale Angoni ndi Alomwe. Kenaka funsani ana m'kalasimo, mmodzimmodzi, chimene amayankhula ndi agogo awo komanso chimene amayankhula ndi anzawo pa mpira, ndipo mujambule mapu achiwiri kuchokera pa mayankho awowo.