Kodi m'Chichewa muli mawu a logic?

Mtsikana wina wa ku Zomba wafunsa kuti: "Ndikuphunzira filosofi. Aphunzitsi akuti mawu ena ndi a logic, ena ayi. Amawasiyanitsa bwanji, ndipo ife tili nawo?"

Tili nawo, mchemwali wanga, ndipo sachoka pakamwa panu. Logic ndi phunziro la mmene mfundo zimalumikizirana. Tamvani izi: Mbuzi zonse zimabzikula. Ziweto zina za agogo ndi mbuzi. Choncho ziweto zina za agogo zimabzikula. Tsopano pamene pali "mbuzi" ikanipo "nkhuku", pamene pali "zimabzikula" ikanipo "zimaikira mazira". Mwayamba ndi bodza, poti tambala saikira, koma mfundo yalumikizanabe: wovomera ziganizo ziwiri zoyambazo sangakane chachitatu. Bwererani ku mbuzi zija, musinthe liwu limodzi lokha, "zonse" likhale "zina". Mfundo yagwa, pakuti mwina za agogozo ndi zosabzikula zija. Mbuzi ndi nkhuku ndi katundu wa m'dengu; "zonse" ndi "zina" ndiye dengulo. Mawu a logic ndi a mtundu wachiwiriwu, pamodzi ndi "ngati", "kapena", "si" ndi "palibe".

Aristotle, katswiri wa filosofi wa ku Greece, anaziona zimenezi zaka zoposa 2,300 zapitazo, n'chifukwa chake m'malo mwa mayina a zinthu ankangolemba zilembo. Koma malire enieni ali pati? Akatswiri a ku Ulaya a zaka za m'ma 1200 ndi 1300 ankagawa mawu pawiri: otha kuima paokha, monga "munthu", ndi omveka pokhapokha atatsamira anzawo. Kugawa kumeneku kumakokera zambiri m'khoka, chifukwa "pa" nayenso saima yekha, chonsecho samanga mfundo monga amachitira "-nse" wa mu "zonse" ndi "onse".

Alfred Tarski, katswiri wa logic wa ku Poland, anavomera mu 1936 kuti sankaona maziko odulira malirewo motsimikiza. Mu 1966 anabwera ndi muyeso umene ine ndimaukonda. Sinthanitsani zinthu zonse m'malo mwake, chilichonse chitenge malo a chinzake, kenaka muone tanthauzo limene silinagwedezeke. "Wofiira" amasankha: amaloza phwetekere, n'kusiya makala. "-nse" ndi "palibe" alibe tsankho, sasamala kuti ichi ndi chiti. Amenewo ndiwo a logic. Akatswiri akukanganabe ngati muyesowu ukukwanira, poti umalowetsanso mawu ena amene ambiri amati ndi a masamu.

Tsono apa ndi pamene Chichewa chimatiphunzitsa kanthu, ndipo ndikupemphani mutchere khutu. Musalembe ndandanda wa mawu n'kunena kuti mwamaliza. "Ngati mvula igwa, tibzala" ali ndi "ngati" wa logic, womanga chiganizo china pa chinzake. "Akulira ngati mwana" ali ndi "ngati" wofanizira chabe. "Kapena" wa mu "udya nsima kapena mpunga" akupatsani zosankha, pomwe wa mu "kapena abwera mawa" akungokayika. "Ena" nthawi zina ndi gawo la gulu, nthawi zina ndi anthu osiyana ndi amene tawatchula kale, monga ponena kuti "itanani ena, awa atopa".

Wovuta kwambiri ndi "ndi". Lembani papepala kuti "amayi ndi aphunzitsi". Kodi mukunena anthu awiri, kapena mukutiuza ntchito ya amayi? Polankhula sitisokonezeka, chifukwa "ndi" wolumikiza timamukweza ndipo winayo timamutsitsa, koma cholembera sichionetsa zimenezo. Ngakhale wolumikizayo ali pawiri. "Amayi ndi abambo adwala" mutha kumung'amba: amayi adwala, abambonso adwala. "Amayi ndi abambo afanana" sang'ambika, chifukwa "amayi afanana" payekha sakunena kanthu.

Kukana nako nthawi zambiri sikuima padera. Kumalowa m'kati mwa mneni: sindidya, sanapite, osabwera. Wofunafuna liwu lokana loima palokha adzadutsa theka la zokana zathu osaziona. Ndipo malo amene kukanako kwakhala amasintha nkhani yonse. Mlembi wa komiti ya kumudzi akalemba kuti "si onse anasonkha", ena anasonkha ndithu. Akalemba kuti "onse sanasonkhe", ambiri timamva kuti m'mbale simunagwe ngakhale tambala imodzi. Mukamasandutsa ziganizo za Chichewa kukhala zizindikiro za logic za m'kalasi mwanumo, yambani mwafunsa kuti "si" wakuta "onse", kapena "onse" ndiye wakuta "sa-".