Malasha ndi zitsononkho inde, koma botolo la okosijeni lisiyeni

Achimwene a ku Ulongwe, mwafunsa ngati mungasakanize malasha a ku Moatize ndi zitsononkho powotcha njerwa, n'kumapoperamo okosijeni wa m'botolo la owotcherera zitsulo kuti utsi uchepe. Za kogula malashawo akuyankheni ena. Ine ndilankhula za botololo, chifukwa chipsera chili padzanja langali chinachokera komweko.

Ndikuphunzira ntchito pa shopu ina mumzinda wa Tete, ndinamanga geji pa botolo la okosijeni ndi manja a girizi. Kungotsegula, moto lawi! Panalibe machesi, panalibe mbaliwali. Okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi mafuta zimayaka zokha, ndipo malaya akamwa mpweya umenewu amapsa ngati udzu wa mu Okutobala. Ndiye muganize paipi yake ili pakamwa pa uvuni usiku, anyamata akuwodzera. Ndalamanso sizingagwirizane: kudzazitsa botolo limodzi n'kodula, pomwe uvuni umafuna moto wa masiku.

Zomwe munawerenga zoti ena amawotcha malasha ndi okosijeni si bodza, koma ndi za malo opangira magetsi. Mumpweya womwe timapumawu okosijeni ndi magawo 21 pa 100, nayitirojeni 78. Iwo amayamba achotsa nayitirojeniyo ndi makina odya magetsi ambiri, kenako okosijeniyo amamusakaniza ndi utsi womwe aubweza kuchokera kuchumuni mpaka afike cha m'ma 30 pa 100, kuopa kuti moto ungasungunule ng'anjo. Anayesa ku Schwarze Pumpe ku Germany kuyambira 2008, ndiponso ku Callide ku Australia. Cholinga n'chakuti utsi ukhale wa carbon dioxide ndi nthunzi basi, usavute kuugwira n'kuusunga. Sikuti utsi umatha. Sulufule wa m'malasha amatulukabe, ndipo poti utsiwo ndi wochepa komanso wobwezabweza, amachita kukhathamira. Inu pa uvuni wanu mulibe chogwirira utsi, wonsewo upita m'zifuwa za ana a pamudzipo.

Zitsononkho zokha ndikuvomerezani. Sulufule mulibe wambiri, zimakoleza msanga, ndipo mukakolola zimangotayika. Koma kumbukirani kuti amayi amatcheza chidulo cha therere kuchokera ku phulusa lake. Mchere wa potaziyamu umenewo ndi womwe umachititsa phulusa kusungunuka moto ukakula, n'kuuma gwa ngati galasi, kutseka mipata yodutsa mpweya ndi kumata njerwa zapansi. Yambani pang'ono, ndowa imodzi ya zitsononkho pa ndowa zinayi za malasha, muone phulusa likutuluka bwanji. Zikhale zouma kwambiri. Zonyowa zimazimitsa moto n'kumafuka utsi woyera wotsamwitsa.

Ngati moto ukubanika, kulitsani makomo, chotsani phulusa pafupipafupi, kapena ikani fani yaing'ono. Mpweya wamba ndi waulere. Aja akuti muponyemo matayala akale ndi oyilo wakuda, sindikudziwa ngati anayamba aimapo kumene kukupita utsi wake.

Chinanso, chonde: malasha otsala asalowe m'nyumba pa mbaula, ngakhale kuzizire bwanji mu Juni kwanu ku Angónia. Carbon monoxide, mpweya wakupha wochokera m'malasha oyaka, sanunkha, munthu amangomva mutu ndi tulo. Amene akulondera uvuni agone kumbali yochokera mphepo, patali ndithu.